Njerwa Imene Inalowa M'khonsolo

Iwe Chikondi, bweza njerwayo pamene waichotsa. Ee, pa kabati pomwepo, pakati pa makapu a alendo ndi chithunzi cha ukwati wa mayi ako. Ndakutuma kupukuta fumbi, sindinakutume kutaya katundu wanga. Ukuti ndi yonyansa? Kukhota inakhotadi, mbali imodzi inapserera, koma njerwa imeneyo inalowa m'chipinda chimene iwe ndi laisensi yako ya galimoto yatsopanoyo simunapondemo. Khalani pansi nonse. Mphatso, foniyo igone kaye chafufumimba. Ine ndilankhula Chichewa, inu muziyankha m'Chingerezi mwanumo, bola makutu akhale kuno.

Ine ndi malemu agogo anu aamuna tinayambira ku South Bend, mzinda wina wa kuno ku Amereka. Anatiitana ndi mayi anu Tadala atamaliza maphunziro a unamwino, iwe Chikondi uli kamwana kosamva kokonda kubisa nsapato za anthu. Tinafika nthawi ya sinowo. Ana inu mumaiona ngati chinthu chosewera nacho, koma kwa munthu wokulira ku Ntcheu, woyesa kuti chisanu cha mu Juni ndiye mapeto a kuzizira konse, zinali zina. Ndinkavala majuzi mpaka manja osapindika.

Kumeneko n'kumene ndinayesa kudiraiva. Agogo anu ananditengera pabwalo la tchalitchi tsiku lopanda mapemphero, nati, "Mayi a Tadala, apa palibe choti mungagunde." Anaiwala chimulu cha sinowo chimene anthu anaunjika kumapeto kwa bwalolo. Ndinachipeza. Galimoto inalowa mphuno yonse, ndipo abusa ndi amene anabwera ndi fosholo. Kuyambira tsiku limenelo ine ndi chiwongolero tinasiyana mwamtendere, popanda wopita kwa ankhoswe. Museke, koma mukumbukire zimenezi, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo: agogo anu aakazi sayendetsa galimoto, miyendo yawo ndi basi.

Sinowo itasungunuka tinaona zodabwitsa zina. Misewu ya ku Amereka inabala maenje! Agogo anu anaimitsa galimoto, kutsika, kuponda m'dzenje limodzi mpaka m'kakolo, n'kundiitana akuseka: "Mayi a Tadala, tabwerani mudzaone, Ntcheu watitsatira!" Anafunsa mwini nyumba imene tinkachita lendi kuti amakonza ndani. Iye anangoti ndi ndalama za msonkho. Ife tinagwedeza mitu ngati tamva, chonsecho sizinatikhudze. Munthu wa lendi msonkho wa nyumba sauona ndi maso, ngakhale amaulipira ndithu mobisika.

Patapita zaka zingapo mayi anu anapeza ntchito pachipatala china kuno ku Indianapolis, ife n'kutsatira. Agogo anu analowa ntchito kumalo osungira katundu cha ku Speedway, ine kunyumba yosamalira okalamba, kuwasambitsa ndi kuwadyetsa. Tinalimba mtima n'kutenga ngongole ya nyumba ino, kuno kumbali ya Beech Grove. Ena amasankha nyumba poona khitchini. Ine ndinasankha poona siteji ya basi ili pakona apo. Galimoto inali imodzi, inkapita kumadzulo ndi agogo anu m'bandakucha, ine basi inkanditengera kwina. Ngongoleyo inkafuna malipiro a tonse awiri, mmodzi akanakhala pansi nyumba ikanapita.

Walira mvula walira matope. Tisanathe n'komwe kusangalala, kunabwera chikalata cha msonkho wa nyumba. Agogo anu anachiwerenga ataimirira, kenaka anakhala pansi n'kuchiwerenganso.

"Msonkho wa nyumba? Nyumba yanga yomwe, yogula ndekha?"

Muyenera kudziwa kuti mawu amenewo kwathu ali ndi mbiri. Agogo awo a agogo anu, m'nthawi ya atsamunda, akangomva kuti amesenjala a msonkho wa nyumba ali m'mudzi woyandikana nawo, ankasiya khasu m'munda n'kuthawira kutsidya kwa Apwitikizi, kukagona kuphiri mpaka mphepo itadutsa. Tsono mdzukulu wawo wawoloka nyanja zonsezi, n'kupeza msonkho womwewo ukumudikira pakhomo, kawiri pachaka, mu Meyi ndi mu Novembala. Anati, "Koma kuno kothawira kulibe, dziko lake ndi lathyathyathya, lopanda phiri ndi limodzi lomwe."

Amene anatikhazika mtima pansi ndi mayi Doris, a nyumba yoyandikana nayo iyo, aja ankakupatsani maswiti mobisa. Anali mphunzitsi wopuma ntchito, ndipo nkhani za boma ankazikonda ngati mpira. Anatifotokozera kuti dera lino amalitcha kaunti, monga mmene kwathu tinganenere boma la Ntcheu, ndipo lili ndi khonsolo yake. Msonkho umalowa m'thumba, makhansala n'kukhala pansi chaka ndi chaka kugawa: izi za sukulu, izi za ozimitsa moto, izi za misewu, izi za mabasi. Kugawako ndiye bajeti. Anatinso boma linaika malire pa msonkho wa nyumba kuti usamakwere mopitirira, zimene eni nyumba anaombera m'manja, koma thumba lija linayamba kuchepa, ogawana ali omwewo. Agogo anu analipira, koma nthawi zonse ankalipira akung'ung'udza.

Basi yanga ija ndinkaikonda, ana inu. Inu mumangodziwa kukhala kumpando wakumbuyo kwa galimoto, makutu otseka ndi tizingwe, osadziwa ngakhale dzina la msewu. M'basi munali mudzi. Munali bambo wina wa njinga ya olumala wopita kuchipatala kukatsukitsa magazi, atsikana a kukoleji ogona tulo tofa nato, ndi mayi woyeretsa m'mahotela a m'tauni amene anandiphunzitsa kutukwana m'Chisipanishi ine ndikuyesa ndi moni. Dalaivala akandiona ndikuthamanga ankadikira. Ndinkakumbuka minibasi za kwathu, zonyamuka pokhapokha zikadzaza, kondakitala ali lende pakhomo, nkhuku ya mnzako ili pamiyendo pako. Iyi inkanyamuka ngakhale muli anthu ochepa, ndipo poyamba ndinkaimvera chisoni.

Chisoni changacho chinali ndi maso. Chaka china, chilimwe chikutha, tinapeza chidziwitso chomata m'basi: ndalama zachepa, ndipo mu bajeti ya chaka chotsatira basi yathu izidzathera kutali, osafikanso kuno. Mayi Doris anafufuza n'kupeza kuti mu bajeti yomweyo munali ndalama zokulitsira msewu wopita kumasitolo atsopano a kunja kwa tauni. Ndinawerengera ulendo wapansi wokafika pasiteji inayo, nthawi ya sinowo, ndi maondo angawa, ndinaona kuti sizitheka. Mantha anandigwira, sindikubisirani. Basi ikapita, ntchito yapita, ndipo ntchito ikapita, nyumba ino yapita.

Lamulungu lotsatira, titatuluka m'tchalitchi, tinakumana Amalawi monga mwa chizolowezi chathu, ndipo ndinaitula nkhaniyo. Wapampando wathu anali a Mwale, aja a ndevu zoyera amene amapemphera mpaka chakudya kuzizira. Anamvetsera, kenaka anafunsa funso limodzi.

"Kodi kwathu tikafuna kuti boma litimangire sukulu, timayamba ndi chiyani?"

"Njerwa!" tonse akuluakulu tinayankha pamodzi.

Inu simungazidziwe. Kwathu simupita kwa a DC manja lendelende kukapempha sukulu, chipatala kapena mlatho. Mumayamba mwaumba njerwa. Mudzi wonse umatuluka, abambo kukumba ndi kuponda dothi, amayi kutunga madzi, achinyamata kuthamanga ndi chikombole. Mukaotcha, mumaziunjika pamalo poonekera, m'mbali mwa msewu, kuti bwana aliyense wodutsa pagalimoto azione. Mulu wa njerwa umalankhula. Umati eni ake alipo, mbali yawo achita, kwatsala malata ndi simenti. Boma likamazengereza, njerwa zija zimalichititsa manyazi tsiku ndi tsiku. Sukulu imene ine ndinaphunzirako kulemba dzina langa inamangidwa choncho, ndipo njerwa zina ndinasenza ndine pamutu pano.

Ndiye a Mwale anagamula kuti tikaunjike njerwa pasiteji yanga, zomangira kanyumba kodikiriramo basi. Akuluakulu a kaunti akaona, adziwa kuti sitejiyo ili ndi eni ake, ndipo sangachotse basi pamalo pamene anthu ayamba kale chitukuko.

Mayi anu anaimika dzanja. "Pepani a Mwale, koma kuno sizitheka zimenezo. Pamafunika kuapulaya pemiti. Akutichajani faini."

"Mwana iwe," anatero agogo anu, "pemiti yothandizira boma? Unaona kuti munthu wopempha chilolezo kuti apereke mphatso?"

Mayi anu anangoti, "Chabwino adadi," ndi nkhope ija amachita inu mukanena kuti homuweki munamaliza kusukulu.

Agogo anu ankafuna kuchita zenizeni. Anakhoma chikombole ndi matabwa otola kuntchito, n'kuyamba kukumba kuseri uko, pamene pano pali dimba la mpiru. Anapinda buluku, kuthira madzi, kuponda dothi ndi mapazi akuimba nyimbo. Sindinawaonepo osangalala chotero chifikire m'dziko lino. Anati, "Mayi a Tadala, dothi ili ndi langa. Ndalilipirira msonkho, lero lindigwirire ntchito." Koma atatchula zomanga uvuni, mayi anu anaimirira pakhomo n'kunena kuti utsi ukangotuluka, ozimitsa moto awaimbira okha. Pamenepo mkulu uja anagonja. Pa njerwa zimene anaumba, zambiri zinang'aluka pouma, dothi la kuno silidziwa ntchito imeneyi. Imodzi yokha anaiika m'mbaula yootchera nyama, kuikwirira ndi makala tsiku lonse. Ndi imeneyo wati utaye, Chikondi.

Zinazo tinachita kusonkherana n'kugula zakale kwa munthu wina amene anagwetsa chumuni. Loweruka m'mawa tinandanda mzere kuchokera pageti mpaka pakona, amayi titamanga zitenje pamwamba pa majinzi, kupatsirana njerwa dzanja ndi dzanja, nyimbo ili pakamwa. Anamwino, ophunzira, ngakhale adokotala aja a mano, onse fumbi lokhalokha. Azungu ankachepetsa liwiro la galimoto kuti aone. Mayi Doris anatuluka ndi madzi a mandimu, natifunsa ngati kuli maliro kapena ukwati. Titawafotokozera anangoti, "Imwani kaye." Pofika masana mulu unali utaima bwinobwino, wa makona anayi, njerwa ya agogo anu ili pamwamba. Tinajambulitsa, ndipo a Mwale anapemphera.

Safunsa anadya phula. Lolemba pochokera kuntchito ndinapeza chipepala chofiirira chitamatidwa pamulu paja. Chinkati katunduyu watseka njira ya oyenda pansi, achotsedwe msanga, apo ayi mwini wake alipira chindapusa. Choipa kwambiri, bambo wa njinga uja anandiuza mwaulemu kuti m'mawa umenewo anachita kulowa mumsewu wa magalimoto kuti alambalale chitukuko chathu. Apo ndiye manyazi anandigwira. Agogo anu anazungulira mulu uja chipepala chili m'manja.

"Boma lanji lokana njerwa? Chibadwire sindinalione!"

Tinazisenzanso kubwerera nazo, ulendo uno popanda nyimbo. Ndi zimene zazungulira maluwa a mayi Doris mpaka lero. Mayi anu sananene kuti ndinakuuzani. Anangothandiza kunyamula akuimba kanyimbo ka m'mphuno, zimene zinali zopweteka kuposa kunena.

Madzulo ake anandikhazika pansi. "Amama, kuno njerwa zanu ndi msonkho uja adadi amadandaula nawo. Munakontibyuta kale. Chatsala n'kupita kukalankhula." Anati khonsolo isanavomereze bajeti imaitana anthu, aliyense wofuna amalembetsa dzina n'kupatsidwa kamphindi. Mayi Doris anatilembetsa tonse awiri, ine ndi agogo anu.

Tsikulo tinakwera basi yomweyo kupita m'tauni, agogo anu ali mu suti ya ukwati wa mayi anu. Ine ndinakulunga njerwa ija m'kansalu n'kuiika m'chikwama. Musandifunse chifukwa chake. Mtima unkangokana kupita kuboma chimanjamanja. Pakhomo la nyumba ya khonsolo pali makina ounikira katundu. Chikwama changa chitalowa, mlonda anayang'ana pakanema, kundiyang'ana ine, kuyang'ananso pakanema.

"Mayi, kodi iyi ndi njerwa?"

"Ee, bambo."

"Mukufuna kugenda ndani?"

Ndinamufotokozera m'Chingerezi changa chothyokathyoka chija mumachisekachi. Anali munthu wamkulu thupi, wodekha. Anaitembenuza njerwa ija, nati sangandilole kulowa nayo, koma poti iye anali kupita kukaima m'chipinda momwemo, ainyamula yekha, ikafunika ndimukodole. Ndiye njerwa ya ku Beech Grove inalowa m'khonsolo itanyamulidwa ndi wa yunifolomu, ife tikutsatira pambuyo.

M'chipindamo munadzaza. Makhansala anakhala kutsogolo pamalo okwera, ndipo pamalo olankhulira panali kanyali. Kakayaka kobiriwira uyambe, kakafiira ukhale pansi. Analankhula a makampani omanga misewu, analankhula a masitolo, ndipo zina zimene ananena zinali zoona, msewu uja unalidi wopanikiza. Analankhula bambo wa njinga uja. Kenaka anaitana agogo anu.

Inu agogo anu mukuwakumbuka, sanali munthu wolowa m'nkhani ngati wakuba. Anaima, kukonza tayi, n'kuyamba malonje. Anapereka ulemu kwa wapampando. Anapereka ulemu kwa makhansala, mmodzimmodzi, akuwerenga maina patimatabwa ta patsogolo pawo. Anathokoza Mulungu potiyendetsa bwino. Anafotokoza kuti kunyumba tasiya kuli bwino, kupatula chimfine cha mdzukulu, ameneyo ndi iwe Mphatso, chimfine chako chinalembedwa m'mabuku a boma. Atangoti, "Tsono chimene tadzera," kanyali kaja kanafiira.

"Zikomo bambo, nthawi yanu yatha."

Anatembenuka kundiyang'ana, nanena m'Chichewa, chimkuzamawu chili choyaka: "Mayi a Tadala, anthu awa sanaleredwe." A Mwale kumbuyo anatsamwa ndi kuseka.

Dzina lotsatira linali langa. Malonje onse anali atathera kwa agogo anu, ndiye ndinangokodola mlonda uja. Anabwera n'kuika njerwa patebulo, gu! 

Ndinawauza dzina langa, ndi kuti ndimasambitsa makolo a anthu, mwina ena mwa iwo omwe, ndipo ndimafikako pa basi chifukwa galimoto inandikana. Ndinawauza za kwathu, kuti tikafuna kanthu kuboma timayamba taumba njerwa, ndi kuti tinayesa kuno mutipatsa chipepala chofiirira. Anaseka, ine ndinadikira athe. Kenaka ndinati, "Mwana wanga akuti kuno njerwa zathu ndi msonkho wa nyumba. Ngati ndi choncho, ine ndi amuna anga takhala tikukuumbirani njerwa kawiri pachaka, osaphonya. Sitinabwere kudzapempha. Tabwera kudzaona chimene mukumanga nazo. Mukamanga msewu wokha, mwamangira a magalimoto, ndipo njerwa zanga mwazitengera kumene ine sindingafike."

Kanyali kanali kakadali kobiriwira, koma mawu anali atandithera. Khansala wina, mayi wa magalasi, anafunsa ngati angaigwire. Mlonda anapita nayo. Inayenda dzanja ndi dzanja pamzere wonse wa makhansala, monga tinkapatsirana pakona paja, mmodzi mpaka anainunkhiza. Agogo anu anandinong'oneza kuti, "Aione bwino, imeneyo ndi ya manja."

Sindikunamizani kuti njerwa ndiyo inagamula. Analankhula anthu ambiri tsiku limenelo, ena anakalipa, ena analira, ndipo makhansala anakanganabe masabata angapo. Koma bajeti itatuluka, basi yathu inalimo. Anaichepetsa maulendo, moti ndinkadzuka msanga kuposa kale n'kumadikira nthawi yaitali pozizira, ndipo msewu wa kumasitolo uja anaukulitsabe patsogolo pake. Koma pakona apo basi inkaima. Ndinagwira ntchito mpaka kupuma, ndipo nyumba ino, imene mukudyeramo mabisiketi anga osapempha, sinapite.

Chimene chinasintha kwambiri ndi agogo anu. Mdzukulu wa munthu wothawa msonkho uja anasanduka kapitawo wa kaunti yonse. Chikalata chikabwera ankalipira tsiku lomwelo, kenaka n'kuvala chipewa kukayendera katundu wake. Akapeza dzenje mumsewu ankaimba foni. Akaona ozimitsa moto akutsuka galimoto yawo ankaima n'kuwalozera pamene asiya. Chaka chilichonse nthawi ya bajeti ankapita kukhonsolo, ndipo chaka chilichonse kanyali kankawafiirira ali pa malonje. Ndimawasowa, ana inu, ndimawasowa kwambiri. Tabwera nayo kuno njerwayo. Mukuona kadzenje aka pakona? Ndi chala chawo chachikulu, anadinda dothi likadali lofewa.

Tsono mverani chimene ndakukhazikirani pansi. Dzulo pochokera kumsika ndaona chidziwitso china chomata m'basi, chofanana ndi chija. Ine ntchito ndinapuma, koma pasiteji paja m'mawa pamaima mtsikana wina wa yunifolomu ngati imene ndinkavala, ali ndi kamwana kumanja. Khonsolo ikumana Lachiwiri. Dzanja langali silingathenso kunyamula cholemera, ndiye iwe Chikondi unyamula njerwa, ndipo dzina lako ndalembetsa kale. Galimoto yakoyo uisiya pakhomo, tikwera basi. Moni ukapereke, usakandichititse manyazi, koma ukafupikitse, mwana wanga. Kanyali kaja sikadikira.